MLANDU WA "MBUBE": NKHANGA ZINAPANGANA KUSANACE

Pa 21 February 2006 Bwalo Lalikulu la Milandu la mu mzinda wa Pretoria, ku South Africa, linayenera kuyamba kuzenga mlandu umene unali pakamwa pa anthu m'maiko ambiri. Mbali imodzi kunali banja la a Solomon Linda, woimba wosauka amene anamwalira mu 1962, ndipo mbali inayo kunali kampani ya Disney ya ku America, imodzi mwa makampani olemera koposa pa nchito yopanga zithunzi za kanema. Cimene anali kulimbirana ndi nyimbo imodzi yokha. Koma kutatsala masiku owerengeka kuti tsikulo lifike, kunamveka kuti mbali ziwirizo zamvana kunja kwa bwalo, ndi kuti ana a malemuwo adzayamba kulandira ndalama za nyimbo ya atate wao.

Mboni sinaime ngakhale imodzi, ndipo woweruza sanagamule kuti wolakwa ndani. Tsono ambiri anadabwa kuti zinatheka bwanji kuti eni cuma a kutsidya kwa nyanja, okhala ndi maloya osawerengeka, alole kukhala pa mphasa imodzi ndi amai atatu a ku Soweto. Yankho lace lili m'zimene maloya a banjalo anacita zaka ziwiri m'mbuyo mwace, asanalembe n'komwe kalata yoitanira munthu ku khoti. Iwo anayamba akhala pansi nadzifunsa mafunso amene munthu wopsa mtima sakonda kudzifunsa: lamulo lotsamira ndi liti, wodandaula akhale yani, dandaulo lipite ku bwalo liti, ndipo wosumidwa akhale yani?

NYIMBO YA MASHILING'I 10

A Linda anabadwa mu 1909 kufupi ndi Pomeroy, m'dera la Msinga ku Natal. Monga anacitira amuna ambiri a maiko ano masiku amenewo, iwo analowera ku Johannesburg, kumene acikulire amangoti ku Joni, kukafuna nchito. Masana anali kugwira nchito za manja, ndipo usiku wa Loweruka anali kuimba ndi gulu lao la Evening Birds m'mipikisano ya makwaya a amuna. Mu 1939 gululo linajambulitsa nyimbo ya "Mbube", ndiko kuti mkango m'Cizulu, mu situdiyo ya a Eric Gallo. Nyimboyo inayenda malonda kwambiri. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mbale za galamafoni pafupifupi 100,000 zinali zitagulidwa, ndipo kaimbidwe konse ka makwaya otere kanatenga dzina la mbube. Mwini nyimbo anali kulongedza mbale m'nyumba ya katundu ya kampani ya Gallo yomweyo.

Mbale imodzi inakafika ku New York m'manja mwa a Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za mitundu, amene anaipereka kwa mnzao woimba, a Pete Seeger. Makutu a Seeger sanagwire bwino mau a Cizulu, motero nyimboyo anaicha "Wimoweh", ndipo gulu lao la The Weavers linachuka nayo mu 1952. Caka comweco, ku Johannesburg, a Linda anasaina cikalata copereka kwa Gallo umwini wonse wa nyimbo yao pa dziko lonse lapansi. Mtengo wace unali mashiling'i 10. Amene anaona kusintha kwa ndalama ku Zambia mu 1968 akukumbukira kuti mashiling'i 10 ndiwo anasanduka K1.

Mu 1961 a George David Weiss, pamodzi ndi a Hugo Peretti ndi a Luigi Creatore, anaikamo mau a Cingelezi naicha "The Lion Sleeps Tonight". Gulu la anyamata la The Tokens linaijambula, ndipo m'mwezi wa December caka comweco inakhala nyimbo yoyamba pa malonda ku America. Caka cotsatira a Linda anamwalira ndi matenda a impso. Panapita zaka 18 banja lisanapeze ndalama yoikira mwala pa manda ao. Koma nyimbo inapitirira kubala, ndipo inabala koposa mu 1994 pamene Disney inaiika m'kanema wace wa The Lion King, m'mene njiri ndi mnzace amaiimba akuyenda m'nkhalango, ndiponso kuyambira 1997 m'sewero la pa siteji la dzina lomwelo ku New York.

Apa nkoyenera kufotokoza cimene Angelezi amacha copyright. Munthu akapeka nyimbo kapena kulemba buku, lamulo limampatsa umwini wa cinthuco, kotero kuti wina sangacijambule, kucisindikiza, kucisintha kapena kuciimba poyera popanda cilolezo cace. Umwiniwu sugwirika ndi manja, komabe ndi cuma ngati ng'ombe: ukhoza kubwereketsedwa, kugulitsidwa, kapena kusiyidwa kwa ana. Ku South Africa umakhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, monganso linanenera lamulo la Zambia la mu 1994. Ndipo monga ng'ombe, ukaugulitsa wapita.

Vuto la banja la a Linda linali pomwepo, pakuti nyimbo yao inagulitsidwa katatu konse. Kusiya cikalata ca mu 1952, kampani ya Folkways ya ku America, imene inali kusunga "Wimoweh", inapeza saini ya mkazi wamasiye wa a Linda mu 1983 pa mtengo wa dola imodzi. Maiwo atamwalira mu 1990, kampani yomweyo inapezanso masaini a ana ao akazi mu 1992, pa dola inanso imodzi. Loya wina aliyense akanaona mapepala atatu amenewa akanawauza anawo mwaulemu kuti abwerere kunyumba.

Mu 2000 mtolankhani wa ku South Africa, a Rian Malan, analemba nkhani yaitali m'magazini ya Rolling Stone yolondola mapazi a nyimboyo kucokera mu 1939, nayerekeza kuti inali itabweretsa madola pafupifupi 15 miliyoni kwa ena. Anthu a ku South Africa anakwiya. Koma mkwiyo si mlandu, ndipo woweruza salandira misozi ngati umboni. Nkhani inafika kwa a Owen Dean, loya wa kampani ya Spoor & Fisher, amene maphunziro ao apamwamba anali pa funso loti malamulo akale a umwini amagwira bwanji nchito pa zinthu zopekedwa kalekale.

LAMULO LOIWALIKA

Njira yoonekeratu ikanakhala kupita ku bwalo ndi dandaulo lakuti a Linda anaponderezedwa: munthu wakuda wosadziwa kuwerenga Cingelezi, m'dziko la tsankho, anasainitsidwa pepala limene sanalimvetse. Nkhani yotere imakhudza mtima, koma pa bwalo la milandu ndi yolemera kuinyamula. Mwini nkhani anali atagona m'manda zaka 40. Amene analipo tsiku losaina anali atapita. Ndani akanaimirira kunena zimene zinalankhulidwa m'cipinda cija mu 1952? Wodandaula ndiye amasenza mtolo wa umboni, ndipo mtolo uwu unalibe pogwira.

A Dean anasiya njira imeneyo natsata ina. Mu 1911 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inapanga lamulo la umwini wa mabuku ndi nyimbo limene linafalitsidwa m'maiko a pansi pa ufumu wace, ndipo South Africa inalilowetsa m'malamulo ace mu 1916. M'cigawo cacisanu ca lamulolo munali mau akuti ngati wopeka wagulitsa umwini wace ali moyo, wogulayo adzausunga kufikira patapita zaka 25 wopekayo atamwalira, basi. Zikakwana zaka zimenezo, umwini ubwerera ku cuma ca masiye ca wopekayo kwa zaka zotsala. Ndiponso lamulolo linati pangano lililonse limene wopeka angapange lotaya gawo lobwererali ndi lopanda mphamvu. Maloya amakonda kuchula mfundoyi ndi dzina la wolemba mabuku Charles Dickens, pokhulupirira kuti inapangidwa kuti ana a olemba ochuka asamavutike pamene osindikiza akulemera.

Lamulo la 1916 linafafanizidwa ku South Africa mu 1965, ndipo ndi cifukwa cace ambiri analiiwala. Koma malamulo obwera pambuyo sanakhudze mapangano amene anasainidwa lamulo lakale lili ndi mphamvu. Cikalata ca a Linda cinali ca mu 1952. Iwo anamwalira mu 1962. Kuwonjezapo zaka 25, tipeza 1987. Kunena kwina, malinga ndi kuwerenga kwa a Dean, kuyambira 1987 nyimbo ya "Mbube" inali itabwerera kale kwao mwakacetecete, popanda wodziwa, ndipo aliyense amene anaigwiritsa nchito ku South Africa kucokera caka cimeneco anafunika cilolezo cocokera ku cuma ca masiye ca a Linda.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti sinafune kuchula munthu aliyense kuti wakuba. Maloyawo anavomera kuti cikalata ca mu 1952 cinali coona ndi comanga. Anangoti cinali ndi tsiku lothera. M'malo mwa mboni zokalamba zokumbukira za kale, panafunika cikalata ca pangano, cikalata ca imfa, ndi kuwerenga zaka pa zala.

Nanga masaini aja a mu 1983 ndi 1992? Apa ndi pamene panagona nzeru yeniyeni, ndipo anthu a kumudzi adzaimva msanga kuposa ophunzira ena. Aliyense amene anaferedwapo amadziwa kuti munthu akamwalira, khoti limasankha woyang'anira cuma ca masiye, amene ambiri amati adiministireta. Njinga, ng'ombe ndi ndalama za ku banki sizikhala za mwana wakutiwakuti tsiku la maliro lomwelo ai. Zimayamba zakhala m'manja mwa woyang'anirayo kufikira iye atazigawa. Lamulo la 1911 linanena momveka kuti umwini wobwererawo upita kwa woyang'anira cuma ca masiye. Silinati upita kwa mkazi kapena kwa ana. Tsono popeza palibe woyang'anira amene anaupereka kwa mai wamasiye uja kapena kwa ana ao, iwo anasainira cinthu cimene cinali cisanafike m'manja mwao. Munthu sangagulitse mbuzi imene sinalowe m'khola mwace.

Cifukwa ca ici, ana a Linda sanalembedwe ngati odandaula, ngakhale kuti mlandu wonse unali wothandiza iwo. Akanaima okha pa bwalo, maloya a mbali inayo akanangotulutsa pepala la mu 1992 nawafunsa kuti, kodi saini iyi si yanu? M'malo mwace maloya anapempha kuti nkhani ya cuma ca masiye ca a Linda, imene inatsekedwa kalekale, itsegulidwenso, ndipo mu 2004 a Stephanus Griesel anasankhidwa kukhala woyang'anira. Dzina lao ndilo linalembedwa pa mapepala a khoti. Iwo anali asanasainepo kanthu kwa munthu aliyense.

Milandu yambiri ya umwini wa nyimbo ndi mabuku imafera pa khomo pomwepa. Woimba amathamangira ku khoti ali ndi cilungamo conse, koma akafunsidwa kuti aonetse kuti umwini uli m'manja mwace lero lino, zimapezeka kuti anaupereka kale kwa wojambula kapena kwa gulu, ndipo mlandu umatha usanayambe.

NG'OMBE ZA MLENDO

Funso la bwalo linali losavuta kuyankha, koma yankho lace linali lowawa. Ndalama zambiri za nyimboyo zinali ku America, ndipo eni ace a "The Lion Sleeps Tonight", kampani ya Abilene Music, analinso komweko. Koma umwini wa nyimbo uli ndi malire monga dziko: dziko lililonse limaweruza ndi lamulo lace pa zocitika m'kati mwace. Lamulo la 1911 silinafikepo ku America. Motero mlandu unayenera kukazengedwa ku South Africa, ndipo zimenezi zinatanthauza kuti bwalo likanawerengera zokhazo zimene zinacitika m'dzikomo, monga makanema oonetsedwa ndi matepi ogulitsidwa kumeneko. Poyerekeza ndi malonda a dziko lonse lapansi, kameneka kanali kadontho.

Komabe kadonthoko kanali ndi mthunzi wautali. Mfundo yomweyo ya umwini wobwerera inagwirapo nchito ku Britain, Canada, Australia ndi New Zealand, ndiponso m'maiko otetezedwa monga Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Banja likanapambana ku Pretoria, njira ikanatseguka yokadandaulanso m'maiko ena otere, ndipo a ku America anali kudziwa zimenezo.

Tsono panabuka copinga cacikulu. Pa nthawiyo bwalo la ku South Africa kawirikawiri silinali kumva mlandu wa ndalama wosumira mlendo wokhala kunja ngati mlendoyo analibe ofesi kapena katundu m'dzikomo. Cifukwa cace ncomveka: woweruza safuna kupereka cigamulo cimene sangathe kucikwaniritsa. Abilene Music inalibe kanthu kodziwika ku South Africa, ngakhale mpando. Kuitumizira kalata ya khoti kukanakhala kuponya mwala m'nyanja.

Maloya anayang'ana tsono kwa amene analandira cilolezo kucokera kwa Abilene, nasankha wamkulu ndi wodziwika koposa onse, ndiye Disney. Kunena zoona, Disney inali ndi poyankhira. Iyo sinakumanepo ndi a Linda, sinawasainitse kanthu, ndipo inanena poyera kuti inapempha cilolezo mwa njira yace kwa Abilene, kotero kuti odandaula akalankhule ndi Abilene. Munthu wacilungamo akhoza kuona kuti mau amenewa sanali opanda nzeru. Koma pa lamulo la umwini, cilolezo cocokera kwa munthu amene si mwini sicichinjiriza wocilandira. Wogula ng'ombe kwa munthu amene si mwini wace, ngakhale analipira mtengo wonse pamaso pa mboni, mwini weniweni akabwera amafika pa khola limene muli ng'ombeyo.

Nayo Disney Enterprises inali mlendo wa ku America, koma inali ndi katundu ku South Africa wa mtundu wodabwitsa. M'kaundula wa boma ku Pretoria munali zizindikiro zace za malonda zoposa 200, ndiko kuti maina ndi zithunzi zimene kampani imalembetsa kuti wina asazigwiritse nchito, monga Mickey Mouse ndi Donald Duck. Pakati pa 2004 maloya a banja anapempha bwalo kuti ligwire zizindikiro zimenezi, pamodzi ndi umwini wa kanema wa The Lion King m'dzikomo, kuti zikhale cikole. Bwalo linavomera.

Mcitidwe umenewu si wacilendo kumudzi. Ng'ombe za munthu wa mudzi wina zikadya cimanga, mwini munda sayenda ulendo kukacondelera mwini ng'ombe. Amazitsekera m'khola mwace, ndipo mwini ng'ombe amabwera yekha m'mawa mwace, cipewa cili m'manja. Kugwira cikole kunapatsa bwalo la Pretoria mphamvu yoweruza mlendo, pakuti Disney ikanagonja nikana kulipira, zizindikirozo zikanagulitsidwa kuti ngongole ibwezedwe. Ndipo kunali kotheka kucita zimenezi msanga, popeza pempho lotere kawirikawiri limamvedwa mbali inayo isanaitanidwe, ndiponso wopempha safunika kutsimikiza mlandu wonse. Amangoonetsa kuti ali ndi umboni umene, utakhulupiridwa, ungapange mlandu. Khomo lolowera linali lalifupi, koma phokoso lace linamveka dziko lonse: manyuzipepala analemba kuti Mickey Mouse wagwidwa pinyolo ku Africa.

Phokosolo silinali ngozi. Cuma ceniceni ca Disney ndi dzina lace labwino pakati pa makolo ndi ana, ndipo nkhani yakuti kanema wonena za mkango wa ku Africa wadyera ana amasiye a mu Africa inali yoluma kuposa ndalama zimene zinapemphedwa. Ndalamazo zinali marandi 10 miliyoni, pafupifupi madola 1.6 miliyoni pa nthawiyo, zimene kwa Disney zinali ngati nsima ya mwana. Makampani a m'dzikomo amene anali kufalitsa kanemayo ndi nyimboyo, a Nu Metro ndi a David Gresham, nawonso analowetsedwa mu mlandu. Koma panali cingwe cina cosaoneka. Popereka cilolezo, Abilene inalonjeza kuti wina akadzasumira Disney cifukwa ca nyimboyo, iyo ndiyo idzasenza zotayika. Motero pogwira Disney, maloya anakoka Abilene imene sakanaifikira ndi dzanja lao.

Disney nayo inali ndi cosankha ca poyamba, ndipo inasankha kumenya msanga. Inapereka pempho la mwadzidzidzi lakuti bwalo limasule zizindikiro zace, ponena kuti woyang'anira cuma ca masiye analibe mlandu womveka. Pempholo likanatheka, mlandu wonse ukanagwa tsiku lomwelo, popeza popanda cikole bwalo likanasowa mphamvu pa mlendo. Koma pa siteji yotere woweruza safufuza kuti woona ndani. Amangoona ngati wodandaula ali ndi ponyamulira. M'mwezi wa September 2004 bwalo linakana pempho la Disney. Zotsatira zace zinali zakuti mfundo ya 1911, imene kufikira apo inali maganizo a loya mmodzi, inaoneka kuti yaima pamaso pa woweruza osagwa, ndipo manyuzipepala anapezanso colemba. Nkosavuta kunena zinthu zitacitika kale, komabe zioneka kuti kufulumira kumeneku kunalimbitsa dzanja la odandaula.

ZIMENE ZINATSALA

Asaganize wina kuti apa banja linali litapambana. Pa tsiku la mlandu weniweni panali mapiri awiri oti akwere. Loyamba linali kutsimikiza kuti "Mbube" inapekedwa ndi a Linda eni ace. Nyimbo ya makolo, yonga zimene zimaimbidwa pa mtondo kapena pa gule, ilibe mwini mmodzi, ndipo osindikiza a ku America poyamba anaitenga "Mbube" ngati yotero, nalemba pa mbale ya The Weavers dzina lopeka la Paul Campbell. Phiri laciwiri linali kuonetsa kuti nyimbo ya Cingelezi ya mu 1961 inatengadi gawo lalikulu la nyimbo ya mu 1939, osati kungofanana nayo patali. Apa banja linali ndi mboni imene siiwala, ndiyo mbale yakale ija. Ca kumapeto kwace a Linda amakweza mau naimba kacidutswa kakafupi kamene aliyense wodziwa "The Lion Sleeps Tonight" amakazindikira nthawi yomweyo. Ngakhale zinali conco, nkhani zotere zimafuna akatswiri a nyimbo, ndipo mbali iliyonse imabwera ndi katswiri wace.

Panalinso nkhani ya ndalama. Ku South Africa wogonja pa mlandu kawirikawiri amalipira gawo la ndalama za maloya a wopambana, ndipo mlandu wolimbana ndi kampani yotere ukhoza kukwera mabwalo a apilo zaka zambiri. Walira mvula walira matope. Banjalo palokha silikanatha kulipira ngakhale tsiku limodzi la loya wamkulu, ndipo linathandizidwa ndi Unduna wa Zaluso ndi Cikhalidwe wa dzikolo, umene nduna yace pa nthawiyo inali a Pallo Jordan.

Ndipo nthawi sinali kumbali yao. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ku mabwalo a boma milandu ina imaola: ku South Africa madandaulo ambiri a ndalama amafa pakapita zaka 3 munthu asanasume. Umwini wa "Mbube" nawo unali kudzatha mu 2012, pokwana zaka 50 a Linda atamwalira. Mmodzi wa ana akazi a malemuwo anali atamwalira kale mu 2001 asanaone kanthu. Otsalawo sanali ana ang'ono.

Motero pamene Abilene inabwera kudzakambirana, maloya a banja anatsegula citseko. Pangano la mu February 2006 linati banja lidzalandira ndalama za zaka zapita ndiponso gawo la ndalama za m'tsogolo. Linavomereza kuti "The Lion Sleeps Tonight" inacokera ku "Mbube", ndi kuti dzina la a Solomon Linda lidzalembedwa pakati pa opeka nyimboyo. Linakhazikitsanso bungwe losunga ndalamazo m'malo mwa anawo. Cacikulu koposa cinali cakuti panganolo linakhudza dziko lonse lapansi, kuphatikizapo America, kumene lamulo la 1911 linalibe mphamvu. Ici ndi cinthu cimene woweruza wa ku Pretoria sakanatha kupereka ngakhale banja likanapambana pa mfundo iliyonse.

Koma kumvana kunja kwa bwalo kuli ndi mtengo wace. Kuculuka kwa ndalama kunasungidwa mwacinsinsi. Palibe amene anagamulidwa kuti analakwa. Ndipo popeza mlandu sunafike pa cigamulo comaliza, mabanja a oimba ena amene anagulitsa nyimbo zao pa mashiling'i m'zaka zomwezo anatsala ndi citsanzo cabe, osati ciweruzo cotsimikiza coti atsamire. Njira inaoneka, koma aliyense wofuna kuiyenda ayenera kudzipezera yekha woyang'anira cuma ca masiye, mapepala akale, katundu wa mlendo woti agwire, ndi wolipira maloya.

Panganolo linalinso ndi tsiku lothera. Umwini wa "Mbube" ku South Africa unatha mu 2012, ndipo malipiro a banja pa "The Lion Sleeps Tonight" analekeza kumapeto kwa 2017, pamene umwini wa nyimbo ya Cingeleziyo ku America ukali ndi zaka zambiri kutsogolo. M'mwezi wa July 2019 Disney inatulutsa The Lion King wopangidwa mwatsopano, ndipo njiri ndi mnzace anaimbanso nyimbo ija m'nyumba za kanema za dziko lonse lapansi, patapita caka ndi theka pangano la ana a Linda litatha.